Mwana wa m'Komboni—Kodi Ndani Ali ndi Thayo la Moyo Wake?

CHIGUBU cha pulasitiki cha malita 20 nchuma m'komboni ya pa famu. Ndicho chotungira madzi, ndicho chosungiramo ufa, ndipo alendo akachuluka chimasanduka mpando. Kwa zaka zambiri, m'mafamu a fodya, thonje ndi maluŵa a ku Mashonaland, m'dziko la Zimbabwe, zigubu zambiri zotero zinkafika m'nyumba za antchito zitagwirapo kale ntchito ina. Zinkachokera kosungira mankhwala ophera tizilombo, ndipo pambali pake pankaonekabe kachizindikiro ka makona atatu. M'dzikomo, mtundu wa kachizindikiroko ndiwo umauza munthu ukali wa mankhwalawo. Kobiriŵira nka mankhwala osaopsa kwambiri, kenaka pamadza kachikasu ndi kofiira, ndipo kapepo nka poizoni woti pang'ono chabe angaphe munthu wamkulu.

Tsono talingalirani mayi amene watsuka chigubu chotero ndi mchenga ndi sopo, nachidzaza madzi akumwa. Usiku wina mwana wake wazaka zitatu ayamba kusanza, malovu akuchucha, mpweya ukubanika. Kodi ndani ali ndi liwongo? Kodi ndi mayiyo, amene mwina sanaloŵepo m'kalasi ndipo satha kuŵerenga chenjezo lolembedwa m'Chingelezi? Kodi ndi kapitawo amene anamlola kutenga chigubucho poganiza kuti akumchitira chifundo? Kapena ndi mwini famu, amene sanaike mpope wa madzi pafupi ndi nyumba za antchito ake? Nanga boma, ndi munthu wakutali amene amasuta fodyayo kapena kugula maluŵawo? Ndipo anansi amene ankachiona chigubucho tsiku ndi tsiku nakhala chete, kodi manja awo ngoyera?

Mafunso ameneŵa amabuka kulikonse kumene banja limakhala m'nyumba ya mwini, pa nthaka ya mwini, likumwa madzi amene wina ndiye amatsegula ndi kutseka. Komabe mbiri ya makomboni a ku Mashonaland imawaika poyera kwambiri, ndipo kwa oŵerenga ambiri a m'Malaŵi, Zambia ndi Mozambique, anthu a m'nkhaniyi ndi achibale awo enieni.

Zidzukulu za Amachona

Ambiri okhala m'makomboni a ku Mazowe, Mvurwi, Banket, Karoi ndi Marondera ali ndi agogo amene anabadwira ku Nyasaland, ku Tete kapena kum'maŵa kwa Northern Rhodesia. Lamulo logaŵa malo la mu 1930 linapatsa azungu oŵerengeka pafupifupi theka la dziko la Southern Rhodesia, kuphatikizapo nthaka yachonde ya kumtunda kumene mvula imagwa bwino. Ashona ambiri, pokhala anali ndi timinda tawo m'madera amene anawasiyira, ankapeŵa ntchito ya pa famu chifukwa cha malipiro ake ochepa. Chotero eni mafamu anayang'ana kumpoto. Malole aulere, amene anthu ankangowatcha Ulere, anayamba kututa amuna m'ma 1930, ndipo mu 1946 panakhazikitsidwa bungwe lolemba antchito limene Amalaŵi akulikumbukira ndi dzina lakuti Mthandizi. M'ma 1950, oposa theka la antchito a m'mafamuwo anali obwera. Anadza ndi chinenero chawo, mapemphero awo, ndi Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure. Ena anabwerera kwawo ndi njinga ndi bulangete. Ambiri anachona.

Anthu ameneŵa sanali pansi pa malamulo a ntchito amene ankatetezera antchito a m'mafakitale. Ankalamulidwa ndi lamulo la mu 1901 lonena za mabwana ndi antchito awo, limene linkaona kusiya ntchito popanda chilolezo monga mlandu wopita nawo kukhoti. Lamulolo linakhalapobe kufikira dzikolo litatsala pang'ono kupeza ufulu wake mu 1980. Ngakhale litachotsedwa, chizoloŵezi chake chinatsala. Blair Rutherford, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wa ku Canada amene anakhala pakati pa antchito a m'mafamu a ku Hurungwe kuchiyambi kwa ma 1990, anasonyeza kuti famu inkayendetsedwa monga banja lalikulu la mwini wake. Iye ndiye ankagamula yemwe angagone m'komboni, yemwe angalime kadimba, ngakhale yemwe angalandire mlendo.

Mfundo imene ili phata la nkhani yonseyi njakuti nyumba inkayendera limodzi ndi ntchito. Munthu akachotsedwa ntchito m'maŵa, madzulo ake denga analibe. Ndiponso, kufikira chakumapeto kwa ma 1990 antchito a m'mafamu sankavota pa masankho a makhonsolo a m'madera awo, popeza ufuluwo unali wa eni malo ndi okhoma msonkho wa malo. Panthaŵiyo mafamu aakulu analipo pafupifupi 4,500, antchito oposa 300,000, ndipo poŵerengera mabanja awo chiŵerengerocho chinkayandikira anthu 2 miliyoni. Khamu lonselo linalibe khansala wopita kukamlirira kuti chitsime chaipa.

"Wakwata kwa Mphenzi . . ."

Akuluakulu amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Anthu ena, ngakhale antchito eniakewo, auona moyo wa m'komboni mwanjira imeneyo. Amati munthu analoŵa ntchito akuona yekha nyumba zake, madzi ake ndi fungo la mankhwala, choncho asadandaule. Ganizo limeneli silopanda pake kotheratu. Munthu wamkulu angasankhe ntchito yangozi, monga amachitira msodzi wa kapenta pa Kariba, ndipo kumlanda ufulu umenewo kungakhale kumpeputsa. Koma kodi munthu amene kwawo anakusiya agogo ake, amene alibe mfumu yompatsa malo ngakhale ndalama ya basi, angatchedwe kuti wasankha? Amene waloŵa pa khomo chifukwa khomolo ndi lokhalo, wangoloŵa basi.

Ndipo ngakhale atate akhale kuti anavomera ndi mtima wonse, mwana sanakwate kwa mphenzi. Anangobadwirako. Sanadinde chala pa pepala lililonse, koma kung'animako kumampweteka iyeyo koposa onse. Poyerekezera ndi kulemera kwa thupi lake, mwana amapuma mpweya wochuluka, amamwa madzi ochuluka ndipo amadya chakudya chochuluka kuposa atate wake. Amakwaŵa pa dothi, chala chili m'kamwa. Ubongo wake ndi mapapu ake zikali kukula, ndipo chimene chawonongeka pausinkhu umenewo kaŵirikaŵiri sichikonzekanso.

Mankhwala ambiri opopera fodya ndi thonje anali a gulu lotchedwa organophosphate. M'thupi la munthu muli chinthu chotchedwa cholinesterase, chimene ntchito yake ndiyo kuzimitsa uthenga wa mtsempha ukafika kumene umapita. Mankhwalawo amachimanga chinthu chimenechi, motero uthengawo umangobwerezabwereza osaleka. Thukuta ndi malovu zimatuluka, mwana wa diso amachepa ngati mutu wa singano, minofu imanjenjemera, ndipo chifuwa chimadzaza madzi. M'ma 1980, ofufuza a m'dzikomo anapima mwazi wa antchito a m'mafamu m'nyengo yopopera napeza kuti mwa ambiri cholinesterase inali itatsika. Poizoniyo sankathera kumunda. Ankabwera kunyumba pa ovololo ya atate, imene inkachapidwa m'beseni limodzi ndi mateŵera. Ankafika pa khanda lobelekedwa kumbuyo, amake akupalira mzere umene anaupopera dzulo lake.

Kuwonjezera pa zimenezo panali utsi wa nkhuni m'kanyumba ka chipinda chimodzi kopanda zenera, madzi a m'damu limene ng'ombe zinkamweramo, ndi tchire m'malo mwa chimbudzi. Kufufuza kochitidwa kuchiyambi kwa ma 1980 kunasonyeza kuti ana a antchito a m'mafamu anali opinimbira kwambiri kuposa ana a m'midzi, a m'migodi ndi a m'matauni. Ameneŵa anali ana obadwira pakati pa minda imene chimanga chake chinkadyetsa ngakhale maiko oyandikana nawo.

Mphatso Kapena Mangaŵa?

Kunena chilungamo, eni mafamu sanali ofanana. Ena anamanga nyumba zanjerwa, anakumba zitsime, anatsegula sukulu, ndipo m'mafamu ambiri mkazi wa mwini famu ankakhala ndi kabati ya mankhwala imene inapulumutsa ana osaŵerengeka. Kukana zimenezi kungakhale kunama. Koma vuto lili pomwepo. Ana aŵiri obadwa mwezi umodzi, wina kuno kwa waya wina kutsidya, ankakula mosiyana kutalitali chifukwa chabe cha mtima wa munthu mmodzi, kapena mtengo wa fodya kumsika chaka chimenecho. Chinthu chikakhala mphatso, wopereka angachisiye tsiku lililonse, ndipo wolandira ayenera kuwomba m'manja ngakhale chitachepa. Kodi madzi abwino a mwana angakhale m'gulu la mphatso?

Anthu akale analilingalirapo funso la nyumba yopha munthu. Malamulo a Hammurabi, mfumu ya Babulo ya m'zaka za zana la 18 B.C.E., analamula kuti nyumba ikagwa nipha mwini wake, mmisiri amene anaimanga aphedwe, ndipo ikapha mwana wa mwini nyumbayo, aphedwe mwana wa mmisiriyo. Lamulo limenelo linkayamba kugwira ntchito maliro atachitika kale, ndipo linkalipiritsa mwana wosalakwa. Chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 22:8, chinaiona nkhaniyo kuchokera kumbali ina. Womanga nyumba yatsopano anafunikira kuika kampanda kuzungulira tsindwi lake lathyathyathya, ndipo akapanda kutero wina nagwa, liwongo la mwazi linali pa nyumbayo. Sipanatchulidwe kuti wogwayo akhale ndani. Akanakhala mwana wa mwini nyumba, mlendo kapena mwana wa wantchito. Mwini tsindwi sakanadzikanira ponena kuti wogwayo anakwerapo mwa kufuna kwake.

Pamenepa pakuoneka mfundo imene munthu aliyense wa chikumbumtima angaivomereze: thayo limatsata dzanja limene lili ndi mphamvu ya kuletsa ngozi. Wantchito wa m'komboni sakanakumba chitsime pa nthaka ya mwini, ndipo analibe chifukwa choumbira njerwa za nyumba imene angatulutsidwemo mwezi wamaŵa. Amene anali ndi kiyi wa injini yopopa madzi ndiye anali ndi mbali yaikulu ya thayolo. Kumpatsa mwanayo madzi abwino kunali kubweza mangaŵa, popeza phindu la famuyo linkadalira pa kukhalapo kwa makolo ake pamalopo usana ndi usiku.

Zimenezi sizikuyeretsa makolo. Kuvundikira mtsuko, kusiya ovololo panja, kusambitsa mwana m'manja, zonsezi zinali m'mphamvu yawo. Koma nkothandiza kusiyanitsa liwongo ndi thayo. Liwongo limafunsa za dzulo, kuti ndani analakwa. Thayo limafunsa za lero, kuti ndani angathe kuchitapo kanthu. Munthu angakhale ndi liwongo lochepa kwambiri koma nkukhala ndi thayo lalikulu, chabe chifukwa chakuti iye ndiye ali pafupi ndipo waona. Anthu amene anasintha moyo wa m'makomboni anali a mtundu umenewu.

Akazi a ku Bindura

Mu 1981, bungwe la Save the Children la ku Britain, mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo ndi khonsolo ya m'deralo, linayambitsa ntchito m'mafamu ozungulira Bindura, m'chigawo cha Mashonaland Central. Njira yake inali yosavuta kuifotokoza. Pa famu iliyonse yovomera ankasankhapo munthu mmodzi wa m'komboni momwemo, kaŵirikaŵiri mkazi, nakamphunzitsa zaumoyo. Pobwerako iye ankasonkhanitsa ana aang'ono pamalo amodzi oseŵerera, kutali ndi munda wopoperedwa, nawaphikira phala. Ankamanga zilonda, ankamemeza amayi galimoto ya katemera ikabwera, ndipo ankaphunzitsa kusakaniza madzi opulumutsa mwana wotseguka m'mimba: masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere m'botolo la madzi oŵiritsa la mamililita 750, lija la Mazoe limene nyumba iliyonse inkalidziŵa. Ntchitoyo inafalikira m'zigawo zina, ndipo Diana Auret analemba mbiri yake m'buku lotuluka mu 2000 lakuti From Bus Stop to Farm Village. Mu 1996 panabadwa bungwe la m'dziko momwemo, la Farm Community Trust of Zimbabwe, lopitiriza ntchito yofananayo.

Chida chawo chachikulu chinali chimbudzi cha Blair, chimene Peter Morgan anachikonza m'ma 1970 pa Blair Research Laboratory mumzinda umene tsopano ndi Harare. Nzeru yake njoyenera kuifotokoza. Kumbuyo kwa chimbudzicho kumakhala paipi yaitali yochokera m'dzenje, ndipo pamwamba pake pamakhala sefa. Mphepo yodutsa pakamwa pa paipiyo imakoka fungo kulitulutsira kumwamba. Mkati mwa chimbudzi mumakhala mdima chifukwa khoma lake limapinda ngati chigoba cha nkhono. Ntchentche zoswedwera m'dzenje zimathamangira kumene kukuŵala, ndiko kumwamba kwa paipi, zimakakodwa ndi sefa nizifera pomwepo. Pa kuyesa kwina kwa mu 1975, m'masiku 78 anagwira ntchentche 13,953 zotuluka m'chimbudzi chopanda paipi ndi 146 zokha m'chimbudzi cha paipi. Morgan analandira mphotho ya Stockholm Water Prize mu 2013.

Komabe njerwa ndi simenti sizinali mbali yovuta. Mbali yovuta inali malo amene mkazi wazaumoyoyo anaimapo. Anali wa m'komboni, koma malipiro ake ankachokera kwa mwini famu. Kuuza mnansi wake kuti, "Amake mwana, chigubu icho musasungiremo madzi," kunali kopepuka. Kukaima pakhonde la ofesi nkunena kuti, "Bwana, mphepo ya dzulo inabweretsa mankhwala m'nyumba zathu," kunali nkhani ina. Mwamuna wake ankagwira ntchito pa famu yomweyo. Ana ake ankagona pansi pa denga la bwana yemweyo.

Kodi nkoyenera kuyembekezera munthu kuika denga la ana ake pangozi kaamba ka ana a anzake? Munthu wokhala m'nyumba yakeyake ayenera kuyankha funsoli mofatsa. Mayi amene anakhala chete poopa kuti ana ake angagone pa siteji ya basi sangatchedwe wamantha ndi munthu amene sanayesedwepo motero. Koma nzoonanso kuti aliyense akakhala chete pachifukwa chomveka chimenecho, ana onse, kuphatikizapo ake, amapitiriza kumwa madzi omwewo. Njira yokha yotulukira mumsampha umenewu inali kugaŵana ngoziyo. Nchifukwa chake ntchitoyo inalimbikitsa makomiti a m'komboni, kuti dandaulo lisakhale ndi nkhope ya munthu mmodzi. Nkwapafupi kuchotsa ntchito munthu mmodzi wolongolola, koma mwini famu amalingalira kaŵiri asanapirikitse mabanja 30 fodya atapsa m'munda. Paja mutu umodzi susenza denga, ndipo m'komboni mwambiwu unali kunena za denga lenileni.

Panali ena amene ankaikayikira ntchito yonseyo. Ankati zimbudzi ndi phala zikungofeŵetsa goli popanda kulichotsa, pakuti malipiro, malo ndi ufulu wa kuvota zinali chikhalire. Mfundo yawo inali ndi choonadi, ndipo Rene Loewenson, mmodzi wa ofufuza amene anapima ana a m'mafamu m'ma 1980, anasonyeza m'zolemba zake kuti matendawo gwero lake linali kakonzedwe ka ulimi wa mafamu aakuluwo. Koma mwana wazaka ziŵiri wotseguka m'mimba sangadikire kuti nkhani ya malo ithe. Ali ndi masiku aŵiri kapena atatu. Amene amanyoza botolo la shuga ndi mchere chifukwa chakuti silisintha dziko amafuna kuti mwana wa wina alipire mtengo wa mfundo zawo.

Eni Atasintha

Kuyambira mu 2000 mafamu ambiri a azungu analandidwa nagaŵidwa kwa alimi achikuda. Kulungama kwa kugaŵa malo ndi nkhani yakeyake, ndipo palibe woona mtima amene angakane kuti kagaŵidwe ka mu 1930 kanali kosalungama. Funso la pano nlakuti, kodi mwana wa m'komboni zinamthera bwanji? Lipoti la Lloyd Sachikonye la mu 2003 linasonyeza kuti antchito a m'mafamu amene analandira malo sanafike 5 peresenti, ndipo ochuluka anataya ntchito. Lamulo la unzika la mu 2001 linafuna kuti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzikawo mwalamulo m'miyezi 6. Anthu obadwira ku Banket, amene sanaonepo Dedza kapena Angónia, anapezeka kuti si nzika za dziko lililonse. Popanda chitupa cha kholo, mwana sankapeza kalata ya kubadwa, ndipo popanda kalatayo zinkavuta kulemba mayeso a Giredi 7.

Ambiri anatsalabe m'makomboni akale, popeza analibe kopita. M'malo ambiri injini zopopa madzi zinaleka kulira, magetsi anadulidwa, zimbudzi zinadzaza, ndipo wazaumoyo uja analibenso womlipira. Pamenepo kufooka kwa mphatso kunaonekera poyera, pakuti zonse zimene zinkadalira pa munthu mmodzi zinachoka naye limodzi. Mliri wa kolera wa mu 2008 ndi 2009, umene unagwira anthu oposa 98,000 nupha oposa 4,000 m'dziko lonselo, unapeza madera ambiri a m'mafamu akumwa madzi a m'madamu ndi m'zitsime zosavundikira.

Ngozi inasinthanso nkhope, ndipo pano mpamene funso la makhalidwe abwino limalimba koposa. Fodya amene kale ankalimidwa ndi alimi aakulu oŵerengeka anayamba kulimidwa ndi mabanja oposa 100,000, ndipo mu 2023 dzikolo linagulitsa makilogalamu pafupifupi 296 miliyoni. Mabanja ambiri atukuka naye. Koma mu April 2018 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lonena za minda ya fodya ya m'zigawo zitatu za Mashonaland ndi Manicaland, losimba za ana amene ankachita nseru, kusanza, kumva mutu ndi chizungulire pogwira fodya. Zimenezi ndi zizindikiro za chikonga choloŵa m'thupi kudzera pa khungu, makamaka masamba akakhala onyoŵa ndi mame kapena mvula. Ambiri mwa ofunsidwawo anali asanamvepo za matendawo. Enanso amene kale anali antchito a m'mafamu anatembenukira ku golidi m'madera a Mazowe, Shamva ndi Kadoma. Kuti alekanitse golidi ndi dothi amagwiritsira ntchito mercury, ndipo ena amakaiwotchera kunyumba, pa moto wophikira, nthunzi yake yowononga ubongo ikufalikira m'chipinda chimene ana amagona.

Tsopano palibenso nyumba yaikulu ya pa phiri yoti munthu ailoze chala. Dzanja limene likuika mwana pangozi kaŵirikaŵiri ndi la atate wake, amene amamkonda, ndipo akuchita zimenezo kuti ampezere fizi ndi nsapato. Kodi atate ameneyo ngwolakwa? Ngati sanadziŵe, liwongo lake nlochepa, ndipo lalikulu lili pa amene anadziŵa: kampani imene inamkongoza mbewu, feteleza ndi mankhwala, imene alangizi ake amafika pamundapo kudzayang'ana masamba koma osayang'ana manja amene akuwathyola. Munthu amene amatha kuphunzitsa mlimi kasankhidwe ka fodya m'magiredi ambirimbiri sangalephere kumphunzitsa za chikonga. Koma atate uja atauzidwa, sangabisalenso kumbuyo kwa umphaŵi wake pa zinthu zimene angathe. Angathe kumchotsa mwana m'munda wonyoŵa. Angathe kukawotchera mercury kutali ndi nyumba. Umphaŵi umachepetsa zosankha za munthu, koma sumchotsera chikumbumtima, ndipo kumuona mmphaŵi monga wopanda thayo lililonse ndi mtundu winanso wa kumpeputsa.

Lamulo Lilibe Miyendo

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anakonza zambiri pa pepala. Chigawo 73 chimapatsa munthu aliyense ufulu wokhala m'malo osawononga thanzi lake, chigawo 77 chimanena za madzi abwino akumwa, ndipo chigawo 43 chinabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo kwa makolo ochokera m'maiko a SADC. Zimenezi nzamtengo wapatali, pakuti zimasandutsa pempho kukhala mangaŵa amene munthu angawatchule dzina. Koma lamulo siliyenda lokha kupita ku Tengwe kapena Raffingora. Liyenera kunyamulidwa ndi munthu, ndipo wonyamulayo nthaŵi zina amalipira mtengo wake. Gertrude Hambira, amene panthaŵiyo anali mlembi wamkulu wa bungwe la antchito a m'mafamu la GAPWUZ, anathaŵa m'dzikomo mu February 2010 apolisi atayamba kumfunafuna chifukwa cha lipoti ndi filimu zosimba nkhanza zochitidwa kwa antchitowo.

Ndiponso olankhula samapambana nthaŵi zonse. Mu 1982, anthu a ku Warren County, ku North Carolina m'dziko la United States, ambiri a iwo achikuda ndi osauka, anagona mumsewu kuletsa malole otaya dothi lapoizoni pafupi ndi nyumba zawo. Oposa 500 anamangidwa, ndipo dothilo linatayidwabe. Komabe kuyambira pamenepo anthu m'maiko ambiri anayamba kufunsa chifukwa chake zonyansa zimakonda kuthera pakhomo pa amene alibe mawu. Makolo a ku Kabwe, m'Zambia, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994 koma fumbi lake nkutsalabe m'mabwalo oseŵerera ana, akulidziŵa bwino funso limenelo.

Nanga anansi aja amene ankachiona chigubucho? Mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe umatchulidwa kaŵirikaŵiri pamaliro ndi paukwati, koma mphamvu yake imayesedwa pa zinthu zazing'ono zosasangalatsa. Alangizi a zaulimi amaphunzitsa kuti chigubu cha mankhwala chikatha achitsukuluze katatu, madziwo awathire mumpope wopopera, ndiyeno achiboole kuti chisagwirenso ntchito. Langizolo nlolondola, popeza pulasitiki imamwa mankhwala ndipo mchenga ndi sopo sizingawachotse onse. Koma mnansi amene angangofika ndi mpeni kudzaboola chigubu cha mayi uja, osafunsa kuti maŵa adzatungira chiyani, adzapeza kuti chigubu chotsatira achibisa kunsi kwa bedi. Langizo likafika lokha, lopanda ndowa, limangophunzitsa anthu kubisa.

Chotero komiti ya m'komboni imene ikufuna kuchotsa zigubu za kachizindikiro kapepo iyenera kuyamba yapeza kumene kudzachokera ndowa. Iyeneranso kuonetsetsa kuti mjigo ukugwira ntchito, kuti mayi asamasunge madzi a masiku atatu. Mjigo wa ku Zimbabwe, umene amautcha bush pump, ngwolimba ndipo ungakhale zaka zambiri, koma zikopa za mkati mwake zimatha ndipo zimafuna kusinthidwa. Pamafunika munthu woyenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ndalama zake, wina wosunga sipanala, ndi wina wokhala ndi chitupa ndi ndalama ya basi, wopita ku ofesi ya khonsolo ku Bindura kapena ku Karoi kukakhala pa benchi kufikira atamuitana.